Nthenga Zogwa Zokha

Mkazi wanga ankaweta mbalame mu laputopu. Sizinali zithunzi zongoyang'ana. Zinkafuna chakudya, zinkadwala zikanyowa ndi mvula, ndipo zikasiyidwa masiku angapo osadyetsedwa zinkathyola khola n'kubwerera kuthengo. Anayamba kuziweta chaka chimene anayamba kudwala, akuntchito kwake ku Longacres atamuuza kuti ayambe wapuma kunyumba.

Tinkakhala ku Kabwata, m'fulati ya pamwamba ya zipinda ziwiri. Iye anakulira ku Kabulonga, kuseri kwa mpanda wautali wokhala ndi mlonda pageti. Ine ndinaleredwa ndi amalume ku Chelstone. Tinakumana ku koleji. Akwawo sanandikanepo poyera. Tikapita kukawaona ankangofunsa ngati madzi akufika pamwamba pathupo, ndipo potsanzikana apongozi ankatipatsa zigubu za madzi akumwa, ngati anthu opita kukagona kuthengo. Laputopuyo inali mphatso ya mlongo wake wamkulu, mlamu wanga, imene anamugulira atamaliza koleji.

Gemuyo inali ya dziko lopeka. Unkayamba uli m'chigwa wopanda kanthu, ndipo chilichonse unkapanga wekha: kudula mitengo, kukumba miyala, kuwomba nsalu. Kumapeto kwa chigwacho kunali phompho lalikulu, ndipo kutsidya kwake kunkaoneka dziko lina, la nyali zobiriwira zoyaka ngakhale masana. Mlatho kunalibe. Wofuna kuwoloka ankayenera kusoka mapiko, ndipo mapikowo ankadya nthenga zochuluka kwambiri, za mtundu umodzi wokha wa mbalame. Zinali zazikulu ngati nkhanga, zotuwa, za makosi aatali, koma nsonga za nthenga zake zinkanyezimira ngati waya wa kopa. M'gemumo zinali ndi dzina la Chingerezi. Iye ankangoti nkhanga zanga.

Nthenga zinkapezeka m'njira ziwiri. Ukapha mbalame, inkasiya mulu wonse pomwepo. Ukaiweta, kuidyetsa ndi kuisunga mopanda mantha, inkagwetsa nthenga imodzi mwa apo ndi apo, m'mawa, motsata wotchi ya laputopuyo, ndipo ukachedwa kutola mphepo inkaulutsa. Pakona ya sikirini panali kamzere kamene kankadzaza pang'onopang'ono nthenga zikamawonjezeka. Kakadzaza, mapiko atheka. Amene anapanga gemuyo ayenera kuti ankayembekeza kuti aliyense azipha. Mkazi wanga sanaphepo ngakhale imodzi.

Zina anazipatsa mayina. Inalipo Kondakitala, yaphokoso, yokankha zinzake pa chakudya. Inalipo Dikoni, yoyenda mwapang'onopang'ono chifuwa chili patsogolo. Inalipo Landilodi, imene inkaima patali n'kumangoyang'ana nyumba.

Tsiku lina ndikumanga tayi ndinati, “Ipha chabe imodzi. Iyo Landilodi siigwetsa olo kamodzi, ingodya.”

“Iwe ndiwe wa mu Chelstone zoona,” anatero osacheuka. “Ukaona chili na mapiko uganiza supu.”

“Manje uzafika liti kuja?”

“Nili na kwina koyenda?”

Anali atakhala pa mpando wa pawindo, miyendo yotupa ataitsamiritsa pa ndowa yovundikira. 

Poyamba penipeni gemuyo inkafunsa ngati ukufuna njira yoti ukalakwitsa ubwerere m'mbuyo, kapena njira yosabwerera, imene chilichonse chochitika chimasungidwa nthawi yomweyo. Iye anasankha yachiwiriyo. Ankati ngati ungabweze zinthu ndiye kuti sukuweta, ukungojambula.

Atagonekedwa m'chipatala, ntchito ya m'khola inatsala ndi ine. Anandiphunzitsa ali pabedi, akuloza ndi chala m'mwamba ngati sikirini ili pomwepo. Usathamange m'khola, zimachita mantha. Uyambe wathira chakudya kukona ya kumanzere, Kondakitala ipite kumeneko, kenako uthire cha zinzake. Pali batani loimba mluzu, ukalidina zonse zimabwera. M'mawa uliwonse ndinkadyetsa, kutola zimene zagwa, kenako n'kukwera minibasi kupita kukamuona ndisanalowe ntchito m'tauni. Ndikangofika ankafunsa, “Wazidyetsa?” Za ine ngati ndadya ankafunsa pambuyo.

Anamwalira m'nyengo yotentha, majakaranda akugwetsa maluwa m'misewu ya ku Woodlands. Za tsiku limenelo sindilemba.

Maliro anakhalira ku Kabulonga. Akwawo anati ku mafulati tenti ilibe poima. Anandikhazika pa matiresi pakona ya khonde, amalume ali pambali panga. Mwamuna wofedwa sayendayenda, ndipo salankhula yekha ndi eni maliro. Akafuna kanthu amanong'oneza munthu wakwawo, wakwawoyo n'kukanena. Anthu ankabwera, kundigwira dzanja, kupita. Azimayi a kutchalitchi ankaimba m'nyumba. Ine ndinkamva zonsezo, koma pansi pa zonsezo ndinkadziwa kuti m'khola mulibe chakudya, ndipo masiku akupita.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tiike, ndinauza amalume kuti ndikufunika kukatenga suti. Amalume anakanena. Mlamu wanga anati andiperekeza pa galimoto yake. Ndi munthu wamkulu thupi, wa mawu ofewa, bwana pa kampani ina ya ku Longacres.  Maso ake anali ofiira. Titafika pansi pa mafulati anati, “Nizayembekeza muno. Mufulumile, ba mulamu.”

Ndinakwera. Suti ndinaitulutsa n'kuiyala pabedi. Kenako ndinatsegula laputopu. Mbalame zinali zitaunjikana pa mpanda, zowonda, chizindikiro chofiira chili pamutu pa iliyonse. Ndinathira chakudya kukona ya kumanzere, kenako pakati. Nthenga za masiku amenewo zinali zitauluka, kupatula imodzi imene inakodwa pa mtengo wa chitseko cha khola. Ndinkapita kukaitola, mosathamanga, pamene ndinamva kupuma kwa munthu kumbuyo kwanga.

“Ba mulamu, muchita chani?”

“Nabwela. Nasiliza.”

Anayandikira, n'kuwerama kuyang'ana sikirini. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Gemu,” anatero.

“Ni za iye. Ananiuza kuti…”

“Sisita wanga ali mu filiji ku mochale. Imwe muli pa gemu.”

Ananena motsitsa mawu, ngati akundiuza nthawi. Anatenga suti pabedi paja, n'kutsika nayo yekha. Ndinatseka laputopu n'kumutsatira. M'galimoto ndinayesa kawiri kuyamba kufotokoza, ndipo kawiri konse mawu amene ndinali nawo anali ochepa kuposa amene iye anali atanena kale.

Dzuwa lisanalowe, pa maliro ponse panali patamveka. Azimayi obweretsa tiyi ankaika kapu pansi osandiyang'ana. Msuweni wina wa mkazi wanga, mnyamata wa msinkhu wanga, anabwera kudzandigwira dzanja ngati wopepesa, n'kuwerama pafupi ndi khutu langa. “Mwawina, bosi?” anatero. Amalume, amene khutu lawo lina silimva bwino, anamuthokoza chifukwa chobwera.

Titaika, ndinabwerera ku Kabwata. Ntchito ndinayambanso. M'mawa uliwonse ndinkadzuka, kuwiritsa madzi, kutsegula laputopu. Magetsi akazima usiku ndinkaonetsetsa kuti batire ili ndi moto wokwana chakudya cha m'mawa, chifukwa inali yakale yosasunga. Mbalame zinanenepanso. Kamzere kaja kanali katatsala pang'ono, mwina ngati utali wa chikhadabo.

Sindinkakhulupirira kuti mkazi wanga ali m'menemo. Ndine munthu wopita kusukulu, ndipo ndinamuona akutsitsidwa m'manda. Koma kamunthu ka m'gemumo kanavala malaya amene iye anasankha, achikasu, mtundu umene m'moyo weniweni ankati umamudetsa. Mpanda wa khola unali wokhota mbali imodzi chifukwa anaumanga tsiku limene manja ankanjenjemera. Kuchokera pakhomo la kanyumba kufika pakhola panali kanjira kopanda udzu, kamene kanapangika ndi kuyenda kwake. M'fulatimo fungo lake linali likutha m'zovala. M'chigwamo palibe chimene chinkatha, bola ndidyetse. Ndinkafuna kudzaza kamzere kaja monga mmene iye ankachitira, ndi nthenga zogwa zokha, mbalame zonse zili moyo. Za pambuyo pake sindinkaganiza.

Kenako amalume anaimba foni. Akwawo kwa mkazi wanga abwera Loweruka kudzagawa katundu wa malemu. Ndi mwambo, ndipo ndinkaudziwa. Chilichonse chimene anavala, chimene anaphikira, chimene anabwera nacho, chimaikidwa pakati, eni ake n'kuchigawa pakati pa achibale. Mwamuna amalandira chimene ampatsa.

Ndinaganiza zoibisa n'kunena kuti inabedwa. Koma anaigula ndi mlamu, ndipo anali ataiona ndi maso ake. Ndinapita nayo kwa okonza makompyuta kuseri kwa Cairo Road, kuti andisamutsire gemuyo pa makina ena. Wokonzayo anaiyang'ana n'kupukusa mutu. “Bosi, iyi gemu inalowa na njila ya kumbali. Musiye, nizayesa. Koma ikafa yonse musanibwelele.” Ndinaibwezera m'chikwama. Chimene chinatsala ndi kupempha. Ndinafotokozera amalume zonse pa foni, pang'onopang'ono. Anati amva, ndisadandaule, alankhula.

Anabwera Loweruka dzuwa litakwera, pa magalimoto awiri: apongozi aakazi, mlamu wanga ndi mkazi wake, asuweni angapo, ndi azakhali a mkazi wanga, mlongo wa bambo ake, amene ndiwo anali woyendetsa zonse. Ndi mayi wamfupi wa magalasi, mkulu wa azimayi kutchalitchi kwawo. Anayamba ndi pemphero lalitali. Kenako anayala zitenje pansi pakati pa chipinda chochezera n'kunena kuti, “Tulutsani.”

Ine ndi amalume tinakhala pansi pafupi ndi khomo la kukhitchini. Alendo anakhala pa mipando yathu. Asuweni ankalowa m'chipinda chogona n'kumatuluka atanyamula. Madiresi, nsapato, zikwama, mawigi. Mapoto ndi mbale zimene analandira pa khitchini pate, phwando la azimayi, tisanakwatirane. Ayironi. Ndowa yovundikira ija. Azakhali ankanyamula chinthu chimodzichimodzi, kuchitembenuza, kutchula woyenera. Diresi la buluu linapita kwa mkazi wa mlamu, amene analiyeza pa chifuwa pomwepo n'kufunsa anzake ngati silimufinya. Makatani anawamasula pawindo. Dzuwa linalowa m'nyumba ngati mmene linalowera tsiku limene tinasamukiramo.

Sindinadandaule ndi chilichonse cha zimenezo. Ndinkangoyang'ana pa tebulo pamene panali laputopu.

“Na ija kompyuta,” anatero azakhali.

Msuweni uja wa pa maliro anaitenga n'kuiika pa chitenje. Amalume anakhosomola, anawomba m'manja katatu mofatsa, n'kuyamba.

“Ba anti, na imwe bonse. Uyu mwana sakana chilichonse. Vonse tengani, ni vanu. Ali chabe na pempho imodzi. Iyo kompyuta mumusiyileko pang'ono.”

“Ya nchito?” anafunsa azakhali.

“Awe. Muli nkhuku zamene anasiya malemu.”

“Nkhuku?”

“Nkhuku za mu kompyuta. Afuna nthenga.”

Woyamba kuseka anali mkazi wa mlamu, diresi lija lili pamiyendo. Kenako asuweni. Wina anati, “Ziikila mazila? Tigaweko na ise.” Wina anati, “Ni mabuloila olo ni za kumunzi?” Amalume anasekako nawo pang'ono, chifukwa anaganiza kuti kuseka ndi chizindikiro chabwino. Apongozi sanaseke. Ankayang'ana khoma pamene panali chithunzi cha ukwati wathu, chimene chinali kale pa mulu.

Azakhali anakweza dzanja. “Lekani akambe yekha. Kamba, mwana wanga. Tamva kale kuti ukonda maningi iyi gemu.”

Ndinalankhula nditayang'ana pansi. Ndinati gemuyo inali ya mkazi wanga, osati yanga. Ndinati ankasonkhanitsa nthenga kuti asoke mapiko owolokera phompho, ndipo anamwalira zitatsala pang'ono. Ndinati mbalamezo zimagwetsa nthenga m'mawa, imodziimodzi, ndipo ndikupempha kuti ndimalize, kenako laputopu ndikaitula ndekha ku Kabulonga. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera m'chipinda chodzaza anthu akuluakulu.

“Nthawi yaitali bwanji?” anafunsa mlamu. 

“Masabata angapo. Mwina mwezi.”

“Mwezi.” Anagwedeza mutu ngati akuganizira. “Leta tione.”

Msuweni anamupatsira. Anaiika pamiyendo, n'kuitembenuza kuti ndilembe mawu otsegulira. Ndinayenda chogwada kufika pamene anakhala, ndinalemba, ndinatsegula gemu. Chigwa chinaoneka. Kamunthu ka malaya achikasu kanali kataima pakhomo la kanyumba.

“Ni iye uyu?” anafunsa.

“Ni iye.”

Anayang'ana kanthawi. Nkhope yake inafewa, ndipo ndinaganiza kuti wamva. Zala zake zinapeza mabatani oyendetsera popanda kufunsa. Ndinakumbukira kuti mkazi wanga anandiuzapo kuti ali ana, mlongo wakeyu ndiye anali katswiri wa magemu m'nyumba mwawo, ndipo ankamulola kungoonerera. Anayendetsa kamunthu kaja m'kanjira kufika pakhola. Mbalame zinali zitabalalika, zina kuseri kwa zitsamba.

“Muziitana bwanji?”

Ndinamusonyeza batani la mluzu. Ndinamusonyeza ndi chala changa.

Anadina. Mluzu unalira m'masipika, ndipo zinabwera zonse, zikuthamanga makosi ali patsogolo, Kondakitala ikutsogolera. Zinazungulira kamunthu kaja n'kumadikira chakudya. Asuweni anaimirira kubwera kudzaona. “Ala, ni zabwino,” anatero mkazi wa mlamu.

Mlamu anatsegula thumba la zida. Munali khasu, ndowa, singano, ndi nkhwangwa imene mkazi wanga ankadulira mitengo. Anasankha nkhwangwa.

Yoyamba inali Kondakitala, chifukwa inali pafupi. Inalira kamodzi, kulira kumene ndinali ndisanakumvepo m'gemumo, n'kusanduka mulu wa nthenga. Kamzere kaja kanasuntha kuposa mmene kanasunthira sabata yathunthu. Pakona pa sikirini kachizindikiro kosunga kanazungulira.

“Ba mulamu,” ndinatero.

Dzanja la amalume linagwira bondo langa n'kulikanikiza. Anali atasendera kumbuyo kwanga. Sikirini sankaiona, ankangoona kuti ndayamba kulankhula ndi mwini maliro popanda kupatsidwa mpata.

Mbalame zakuthengo m'gemumo zimathawa zikaona chida. Izi zinali zoweta. Zinali zisanaonepo choipa kuchokera kwa munthu wa malaya achikasu, ndiye zinaima pomwepo, zina zikujompha pansi pamene panagwa inzawo. Mlamu sankafulumira. Ankatembenuza kamunthu kaja, kumenya, kutola, kutembenuzanso. Dikoni inafa ikuyenda kubwera kwa iye. Asuweni anayamba kuwerenga mokweza ngati ali ku mpira, ndipo uja wa pa maliro anati, “Apa manje mwawina, bosi.”

Apongozi analankhula kamodzi kokha tsiku lonselo. Anati kwa mwana wawo, “Chepetsa volyumu.” Iye anachepetsa.

Kamzere kanadzaza zitatsala zitatu kapena zinayi. Ndinaona, ndipo iye anaona, chifukwa kanasintha mtundu n'kuyamba kuthwanima.

“Yakwana,” ndinatero. “Ba mulamu, yakwana.”

“Zizavutika zokha izi,” anayankha, osandiyang'ana. “Azazidyetsa ndani? Imwe muli na nchito.”

Yomaliza kuphedwa inali Landilodi, imene inali itaima patali monga mwa masiku onse. Anaiyendera mpaka kumpanda wokhota uja.

Atamaliza anatsegula poti asoke. Anadina kawiri, mapiko n'kuoneka pamsana pa kamunthu kaja, aakulu, otuwa, onyezimira m'mphepete. Anali okongola. Ndikanakonda akanakhala oipa. Anakathamangitsa kudutsa m'munda wa mkazi wanga, kupondaponda mbewu, mpaka m'mphepete mwa phompho, n'kulumpha. Nyimbo inayamba, yotsika chifukwa cha volyumu. Kamunthu kanayandama pamwamba pa mdima, chigwa chikuchepa kumbuyo. Mkazi wa mlamu anawomba m'manja. Kanatera kutsidya pa udzu, mapiko n'kuyoyoka pomwepo, nthenga zonse n'kumwazika m'phompho. Panalembedwa mawu akuti mapikowo ndi a ulendo umodzi.

“Vasila,” anatero mlamu. “Mwaona? Munali kuvutika mahala. Mwezi wonse pa chinthu cha mamineti.”

Anandiyang'ana tsopano, m'maso, koyamba kuchokera tsiku la suti lija. Sankamwetulira.  Kenako anatseka laputopu n'kutembenukira kwa azakhali.

“Ba anti, iyi ni yakale. Batili inafa kudala. Nili na ina ku ofesi. Musiyeni nayo, akonda.”

“Ya lyonse?” anafunsa azakhali.

“Ya lyonse. Azikumbukilapo.”

M'chipindamo munamveka kung'ung'udza kovomereza. Azakhali anavula magalasi n'kundiyang'ana.

“Wamva, mwana wanga? Unapempha mwezi, mulamu wako wakupatsa yonse. Pambuyo pa vonse vamene unachita pa malilo. Uyu ndiye mutima wa Chikhristu. Yamika.”

Amalume anandigunda ndi chigongono. Ndinali chogwada kale. Ndinawomba m'manja.

“Zikomo, ba mulamu.”

“Sitinamve,” anatero azakhali.

“Zikomo kwambili, ba mulamu.”

“Palibe kanthu,” iye anatero, n'kuika laputopu m'manja mwanga.

Anamanga mitolo. Asuweni anatsika nayo masitepe maulendo angapo, akuseka za poto wina amene chivundikiro chake chinagubuduka mpaka pansi. Tebulo nalonso linapita, chifukwa linali mphatso ya apongozi. Azakhali anapempheranso, kupempha kuti nyumbayo imasulidwe ndi kuti ine ndipeze nzeru. Apongozi potuluka anaima pakhomo ngati akufuna kunena kanthu, koma anangokonza chitenje n'kutsika. Magalimoto analira, anapita.

Tinatsala awiri. Amalume anadzuka pansi movutikira, akugwira khoma, n'kukakhala pa mpando. Anali okondwa. Nkhope yawo yonse inali yowala, ngati ya munthu amene wapambana mlandu umene aliyense ankati sangapambane.

“Waona?” anatero. “Anthu aba ni olemela, koma ukakamba nawo bwino amamva. Ngati unakweza mawu paja, sembe baitenga. Ine ninakugwila dala.”

“Inde, amalume.”

“Na mulamu wako wakuthandiza na kusiliza. Munthu wabwino uja, ni chisoni chabe chinamukalipitsa.”

“Inde.”

Anapukuta thukuta ndi kansalu, n'kuyang'ana makoma opanda kanthu. Kenako anasendeza mpando kuyandikira pamene ndinakhala.

“Manje nionetseko izo nkhuku. Nazimenyela nkhondo lelo, koma sininazione.”

Ndinatsegula laputopu pansi, pamene panali tebulo. Kamunthu ka malaya achikasu kanali kataima pa udzu wa kutsidya. Nyali zobiriwira zija zinali miyala chabe yoyaka pa nsanamira. Kunali mitengo ndi kamtsinje. Mbalame kunalibe, ngakhale yakuthengo. Ndinakatembenuza n'kukayendetsa kufika m'mphepete mwa phompho. Kuchokera pamenepo chigwa chinkaoneka chaching'ono, denga la kanyumba ngati njere ya mpunga, ndi kabwalo kotuwa pambali pake kamene kanali khola.

Ndinanyamula laputopu kuifikitsa pafupi ndi maso awo, n'kuloza.

“Zili uko.”

Amalume anatsinzina diso limodzi, n'kuyandikitsa nkhope.

“Sinizionapo.”

“Ni patali, amalume.”

Anayang'anabe kanthawi, kenako anagwedeza mutu n'kutsamira kumbuyo.

“Chabwino,” anatero. “Uzizisamala.”